Kagalimoto kakafooka pakati pa mpikisano: kusankha ndi kufananiza mabatire otchaja

Aliyense wothamangitsa timagalimoto tampikisano toyendera mabatire, ta mtundu wa Mini 4WD kapena Mini-Z, analiona vutoli. Mabatire mwatchaja, tchaja yasonyeza kuti adzaza, ndipo mita yoyezera voliteji ikuwerenga 1.40 V pa batire iliyonse. Kagalimoto kanyamuka bwinobwino, koma pozungulira kachiwiri kayamba kutsalira, ndipo pokwera chitunda mota ikulira molemedwa. Muikamo mabatire ena a mtundu womwewo, kagalimoto komweko kathamanga mpaka kuuluka pakona. Ambiri amathamangira kusintha mota kapena magiya. Komatu kawirikawiri mlandu umakhala pa batire imodzi yokha mwa amene ali m'kagalimotomo.

Mabatire a m'timagalimoti amalumikizana motsatizana, mutu wa iyi kugunda tako la inzake. Mini 4WD ya kampani ya Tamiya imadya awiri a AA, Mini-Z ya kampani ya Kyosho imadya anayi a AAA. Moto wonse wopita ku mota umadutsa m'batire iliyonse, palibe njira yolambalala. Zili ngati ng'ombe zomangidwa pagoli limodzi: yofooka ndiyo imalamula liwiro, ngakhale inzakeyo ikhale yanyonga chotani. N'chifukwa chake funso lenileni silakuti batire yamphamvu kwambiri ndi iti, koma kuti ndi ati amene akufanana.

Musanaweruze mabatire

Yambani mwatsimikiza kuti vuto silili m'kagalimoto. Ikanimo mabatire amene mukudziwa kuti ali bwino, kapena bwerekani a mnzanu. Kufookako kukapitirira, yang'anani tizitsulo tokhudza mabatire ndi switchi. Tizitsuloti timada ndi thukuta la m'manja, girisi ndi fumbi, ndipo tikada timadya voliteji mofanana ndi batire yokalamba. Tipukuteni ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Pamene pachita mdima, pakhuleni pang'ono ndi chofufutira pensulo. Sandipepala ayi, makamaka pa tizitsulo tokutidwa ndi golide, chifukwa amachotsa chokutiracho n'kusiya chitsulo chimene chidzachite dzimbiri msanga.

Kenako gwedezani kagalimoto kali koyaka. Mota ikamadukizadukiza, ndiye kuti batire ikusewera m'malo mwake. Kakatera pambuyo pa kulumpha, batire yotayirira imasiyana ndi kachitsulo kwa kanthawi, liwiro n'kuduka. Pindani kachitsuloko pang'ono kuti kazikanikiza bwino, ndipo onani ngati chogwirira mabatire chatsekeka mpaka kulira. Pomaliza zunguzani matayala ndi chala: giya yothina kapena tsitsi lokulungika pa shafiti zimachititsa mota kukoka moto wambiri, batire n'kuoneka ngati yofooka pamene ili bwino.

Zonsezi zikakhala m'malo, bwererani kwa mabatire.

Mita yanu sikunama, koma sikunena zonse

Batire ya NiMH, mtundu wa mabatire otchaja amene tikukamba pano, imalembedwa 1.2 V. Ikangotuluka m'tchaja imawerenga pakati pa 1.40 ndi 1.50 V, kenako imatsika yokha n'kukhazikika pafupi ndi 1.35 mpaka 1.40 V. Batire yatsopano ndi batire yotopa zonse zingawerenge 1.40 V zikakhala chete patebulo. Kusiyana kumaoneka mota ikayamba kukoka.

M'kati mwa batire iliyonse muli chopinga chimene moto umalimbana nacho potuluka. Matchaja amachilemba kuti IR, ndipo chimayezedwa mu mΩ (ma milliohm). IR ikakula, voliteji imagwa kwambiri pamene mota ikukoka. Mota zothamanga za Mini 4WD, monga Hyper-Dash, Power-Dash ndi Sprint-Dash, zimakoka 2 mpaka 3 A ndi kupitirira, makamaka ponyamuka ndi pokwera. Tiyerekeze 3 A. Mabatire awiri a 30 mΩ aliyense, pamodzi ndi 60 mΩ, amataya 0.18 V. Imodzi ikakhala 30 mΩ inayo 110 mΩ, pamodzi ndi 140 mΩ, ndipo otayika ndi 0.42 V. Pa 2.8 V imene munayamba nayo, mota ikulandira 2.62 V koyambako, ndi 2.38 V kwachiwiriku. Liwiro la mota limatsata voliteji, choncho kusiyana kumeneku kumaoneka ndi maso pa msewu wowongoka. Ndipo moto wotayikawo susowa chabe, umasanduka kutentha m'batire yofookayo. Mukatulutsa mabatire mpikisano utangotha, imodzi n'kukhala yotentha kuposa inzake, mwampeza wolakwa.

Nambala yaikulu ya mAh imanyenga

Pogula, diso limathamangira pa mAh, poganiza kuti 2500 iposa 950. Nambalayi imangonena kuchuluka kwa moto umene batire imasunga, osati mmene imautulutsira msanga. Mpikisano umodzi wa Mini 4WD nthawi zambiri sukwana mphindi imodzi. Mota yokoka 3 A kwa masekondi 40 imadya pafupifupi 33 mAh basi. Moto wina wonsewo ndi katundu wongonyamula.

Katunduyo ngolemera ndithu. Batire ya AA ya 950 mAh imalemera pafupifupi magalamu 18, ya 2000 mAh pafupifupi 26, ndipo ya 2500 mAh imafika pafupi ndi 30. Pa mabatire awiri, kusiyana kwake ndi magalamu 16 mpaka 24, m'kagalimoto kamene malamulo a Tamiya amalola kuti kapepuke mpaka magalamu 90 pamodzi ndi mota ndi mabatire. Kuwonjezera apo, mabatire a mAh yaikulu kwambiri amakalamba msanga akamatchajidwa mwamphamvu, amataya moto okha mofulumira, ndipo ena amakhala onenepako pang'ono moti amathina m'kagalimoto n'kung'ambika chikopa. Neo Champ, batire ya AA ya Tamiya, ndi ya 950 mAh yokha. Pa mipikisano yoyendetsedwa ndi malamulo a Tamiya, mtundu wa batire wololedwa umatchulidwa, choncho werengani malamulo a mpikisano wanu musanataye ndalama pa mabatire amene adzakanidwe pa tebulo loyezera.

Pa Mini-Z nkhani imasinthako. Mipikisano yambiri imatenga mphindi 5 mpaka 8, ndipo AAA ndi yaing'ono, IR yake ndi yokwera mwachibadwa. Apa mAh ili ndi ntchito, komabe yapakati ndiyo yabwino. Mabatire a 700 mpaka 800 mAh nthawi zambiri amagwira voliteji bwino kuposa olembedwa 1000 kapena 1100. Kagalimoto kokoka 1.5 A kwa mphindi 8 kamadya 200 mAh, choncho 750 mAh ndi yokwanira ndi kutsala.

Gulani ambiri nthawi imodzi, a mtundu umodzi, ndipo ngati n'kotheka a tsiku limodzi lopangidwa, limene kawirikawiri limadindidwa pa chikopa cha batire. Kwa Mini 4WD, asanu ndi atatu ndi chiyambi chabwino. Kwa Mini-Z, 12 kapena 16. Simungasankhe ofanana pakati pa mabatire awiri okha.

Chenjerani ndi ofanana msinkhu

Pali mabatire amene amalowa bwinobwino m'malo a AA ndi AAA koma ndi amtundu wina. A lithium otchedwa 14500 ndi ofanana ndi AA, a 10440 ndi ofanana ndi AAA, koma amatulutsa 3.7 V, ndipo akadzaza amafika 4.2 V. Awiri otere amapereka ma volt opitirira 8 ku mota yopangidwira 2.4 mpaka 3.0 V, ndipo imapsa. Anayi m'Mini-Z amaotcha bolodi ya zamagetsi ya m'kati mwake. A NiZn ndi a 1.6 V ndipo amafuna tchaja yawoyawo. Palinso a lithium olembedwa 1.5 V, okhala ndi kachipangizo m'kati kotsitsa voliteji. Ambiri mwa amenewa amazima mwadzidzidzi mota ikakoka moto wopitirira malire ake. A alkaline satchajidwa konse, mukawakakamiza amatuluka madzi kapena kuphulika. Ndipo musasakanize mitundu m'kagalimoto kamodzi, ngakhale kwa kuyesa kokha.

Batire yatsopano isayezedwe tsiku loyamba

Batire ya NiMH yochoka m'paketi imakhala itagona miyezi. Mukaiyeza pomwepo mupeza IR yokwera ndi mAh yochepa, ndipo manambalawo asintha m'masiku ochepa, kufananiza kwanu n'kupita pachabe. Iyenera kudzutsidwa kaye.

Lembani nambala pa batire iliyonse ndi cholembera chosafufutika. Tsitsani moto wake pang'onopang'ono mpaka 1.0 V. Kenako itchajeni ndi moto wochepa, gawo limodzi mwa magawo khumi a mAh yake, kwa maola 16. Kwa batire ya 950 mAh ndiye kuti pafupifupi 95 mA. Ipumitseni ola limodzi, itsitseninso ndi pafupifupi 190 mA mpaka 1.0 V. Matchaja oyeza monga Powerex MH-C9000 ndi SkyRC MC3000 ali ndi pulogalamu yochita zimenezi yokha. Pambuyo pake ichiteni maulendo atatu mpaka asanu a kutchaja ndi kutsitsa pa moto wapakati, monga 500 mA, mukuipumitsa mphindi 30 mpaka ola pakati pa ulendo uliwonse. Mukaona kuti mAh ya ulendo uno ikufanana ndi ya ulendo wapita, batire yakhazikika. Ntchitoyi imatenga masiku angapo, ndipo palibe njira yachidule imene siwononga batire.

Kuyeza ndi kupanga magulu

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndiye tifatsepo.

Zoyenera kulemba ndi zitatu pa batire iliyonse: IR, mAh imene yatuluka potsitsa, ndi voliteji imene batire imagwira pamene ikutsitsidwa mwamphamvu. Kuti manambalawo akhale oyerekezeka, mabatire onse ayezedwe mofanana: atadzaza, atapuma ola limodzi, m'chipinda chimodzi pa kutentha kumodzi. Batire yofunda imaonetsa IR yotsika kuposa yozizira, ndipo yodzaza imasiyana ndi yotha theka.

IR ya pa tchaja ili ndi khalidwe lake. Mukachotsa batire n'kuibwezera pomwepo, nambala ingasinthe ndi 5 kapena 10 mΩ chifukwa cha mmene tizitsulo tagundira. Tizipinda ta tchaja imodzi natonso sitiwerenga mofanana. Choncho sankhani kachipinda kamodzi, pukutani mitu ya batire ndi tizitsulo ta tchaja, yezani batire iliyonse katatu m'kachipinda komweko mukuizunguza pang'ono isanayezedwe, ndipo lembani nambala yapakati. Musayerekeze manambala anu ndi a tchaja ya mnzanu. Njira zoyezera zimasiyana, ndipo batire imodzi ingawerenge 25 apa, 45 apo. Chofunika n'kudziwa kuti pa mabatire anu, pa tchaja yanu, ndi ati ali pafupi.

Wopanda tchaja yoyeza IR angathe kuipeza ndi mita yowerenga mpaka manambala atatu pambuyo pa kadontho, ndi resistor (kachipangizo kopinga moto) ya 1 Ω ya 5 W. Yezani voliteji batire ili chete. Lumikizani resistor, dikirani masekondi asanu, werenganinso, kenako chotsani. Nenani batire yoyamba yachoka pa 1.380 kufika pa 1.330 V. Yagwa ndi 0.050 V, ndipo moto wodutsa unali 1.33 A. Gawani 0.050 ndi 1.33, mupeza pafupifupi 38 mΩ. Yachiwiri yachoka pa 1.380 yomweyo kufika pa 1.260 V: 0.120 kugawa ndi 1.26 ndi 95 mΩ. Patebulo zinali mapasa, pa ntchito ndi mwana ndi gogo. Gundani nsonga za mita pa batire penipeni, osati pa mawaya a resistor, kuti chopinga cha mawayawo chisalowe m'chiwerengero.

Za mAh, tsitsani mabatire onse pa moto umodzimodzi, monga 1 A kwa AA ndi 500 mA kwa AAA, mpaka 1.0 V. Ngati tchaja yanu imaonetsa voliteji potsitsa, lembani imene ikuoneka patatha mphindi imodzi ndi patatha mphindi zisanu. Kwa Mini 4WD nambala ya mphindi yoyambayo ndi yamtengo wapatali kuposa mAh yonse, chifukwa mpikisano umathera m'mphindi yomweyo.

Tsopano ndandalikani manambala kuyambira IR yotsika kufika yokwera, n'kuphatikiza oyandikana. Mulingo wabwino ndi wakuti a gulu limodzi asasiyane kupitirira 5 mΩ pa IR ndi magawo atatu pa 100 alionse pa mAh. Kwa mabatire a 950 mAh, kumeneko n'kusiyana kosapitirira 30 mAh. Pa Mini 4WD yambani ndi IR, mAh ibwere pambuyo. Pa Mini-Z zonse ziwiri n'zofunika, ndipo mAh isanyozedwe, pa chifukwa chimene tichione pansipa.

Pali chiyeso chimene ambiri amagwamo: kuphatikiza batire yabwino kwambiri ndi yofooka kwambiri kuti magulu onse akhale apakati. Pa pepala zimaoneka zanzeru, chifukwa IR ya gulu lililonse imafanana. Koma yofookayo imatentha kwambiri, imatha msanga, ndipo imakalamba mofulumira kuposa inzake, kusiyanako n'kumakula mlungu uliwonse. Abwino akhale ndi abwino a mpikisano, apakati a kuyeserera, ofooka a kuzunguzira mota yatsopano kapena tochi.

Gulu likapangidwa, lipatseni chilembo: A1 ndi A2, B1 ndi B2. Kuyambira pamenepo lizitchajidwa pamodzi, lizithamanga pamodzi, lizipuma pamodzi. Kubwereketsa batire imodzi ya gulu ku chipangizo china kwa tsiku limodzi kumakwanira kulisokoneza. Yezaninso pakatha maulendo 20 kapena 30, chifukwa mabatire sakalamba mofanana, ndipo magulu angafunike kusanjidwanso.

Batire imodzi imapezeka pa ziro

Limeneli ndi vuto la Mini-Z makamaka. Batire imodzi mwa anayi ikatha moto, atatu otsalawo akadali ndi pafupifupi 3.6 V, zokwanira kuti kagalimoto kaziyendabe. Moto wawo umapitiriza kudutsa m'batire yothayo, kuikankhira pansi pa ziro mpaka mitu yake kutembenuka. M'kati mwake mumapangika mpweya, kavalavu kotetezera kamatha kutseguka, madzi a batire n'kuchepa. Batire yotere IR yake imakwera ndipo sibwereranso mwakale. Kamodzi kokha kamakwanira kuwononga gulu limene munalisankha mosamala.

Njira yopewera ndi yosavuta koma imafuna kudziletsa. Mukangomva kuti liwiro latsika, imani, musati ndizungulireko kamodzi komaliza. Tulutsani mabatire ndi kuyeza iliyonse nthawi yomweyo, voliteji isanakwerenso. Atatu akawerenga 1.20 V, wina 1.05 V, gululo silikufanananso. Ndipo musatsitse moto wa mabatire ali olumikizana, kaya posiya kagalimoto kakulira mpaka kuzima, kaya ndi babu. Tsitsani iliyonse payokha, malire 0.9 mpaka 1.0 V.

Tchaja ikakana batire yotere n'kulemba kuti palibe kanthu, n'chifukwa chakuti matchaja ambiri sazindikira batire yotsika kwambiri. Ipatseni moto wochepa, 50 mpaka 100 mA, kwa mphindi zingapo pa tchaja yolola kutero, mpaka idutse 1.0 V, kenako itchajeni mwa nthawi zonse. Ikatentha pa moto wochepawo kapena voliteji ikakana kukwera, m'kati mwagundana, ndipo yatha ntchito. Ikadzuka, isabwerere m'gulu la mpikisano musanaiyezenso.

Tchaja ikuima msanga, kapena sikuima

Tchaja yabwino ya NiMH imadziwa kuti batire yadzaza poona voliteji ikufika pachimake n'kutsika pang'ono, ndi 3 mpaka 10 mV (0.003 mpaka 0.010 V). Katsikidwe kameneka kamaoneka bwino potchaja ndi moto wa theka la mAh ya batire kufika pa mAh yonse: 500 mA mpaka 1 A kwa AA ya 950 mAh, 400 mpaka 800 mA kwa AAA ya 800 mAh. Mukatchaja ndi moto wochepera apo, monga 200 mA, voliteji siitsika moonekera, tchaja imaphonya, ndipo batire imaphikidwa kwa maola. Ambiri amasankha moto wochepa poganiza kuti akuisamala batire, pamene akuipha; kutchaja kodzutsira kuja n'kosiyana, chifukwa kumaima pa maola 16. Ngati tchaja yanu imalola kusintha, ikani katsikidweko pa 3 mpaka 5 mV, ndipo ikani malire a mAh ndi a kutentha ngati chitetezo chachiwiri.

Kuima msanga kumachitika kwambiri pa batire yatsopano kapena yogonera nthawi yaitali. Voliteji yake imadumpha kumayambiriro, tchaja n'kuyesa kuti yadzaza patangotha mphindi zisanu. Onani mAh imene yalowa. Batire yotha ya 950 mAh ikalandira 150 mAh yokha, sinadzaze. Ipumitseni, iyambitseninso, ndipo ichiteni maulendo awiri kapena atatu. Tizitsulo takuda timachitanso chimodzimodzi.

Matchaja otchipa ambiri amatchaja mabatire awiriawiri motsatizana, n'kuona voliteji ya onse pamodzi. Imodzi imadzaza mopitirira, ina imatsala. Ena amangowerenga maola osaona n'komwe ngati batire yadzaza. Ndi tchaja yotere, kufananiza kulikonse kumafufutika m'milungu yochepa. Tchaja yoyenera ndi imene kachipinda kalikonse kali pakokha ndipo imaonetsa voliteji ndi mAh ya batire iliyonse. Ngati ndalama zikukwana chinthu chimodzi chokha, tchaja yotereyi ipose mota yatsopano.

Kutentha

Kumapeto kwa kutchaja batire ya NiMH imafunda, ndipo n'zachibadwa. Malire ndi madigiri 45. Ikafika poti simungaifumbate m'dzanja momasuka, yapyola. Othamangitsa ena amatchaja ndi 1.5 A kapena 2 A mpikisano utayandikira, chifukwa batire imatuluka ndi voliteji yokwererako ndiponso yofunda, IR ili pansi. Phindu lake ndi lenileni koma laling'ono, ndipo malipiro ake ndi moyo wa batire. Ngati mukutero, chitani pa gulu la mpikisano lokha, pa tsiku la mpikisano lokha, muli pomwepo, ndipo kachoyezera kutentha ka tchaja kakugwira ntchito. Batire yochoka kothamanga ikadali yotentha isalowe m'tchaja. Idikire mphindi 20 kapena 30.

Kuzizira nako kumafooketsa. M'mawa wozizira kwambiri, gulu lomwe dzulo linali lakuthwa limanyamuka mwaulesi chifukwa IR yakwera. Kulisunga m'kabokosi kake kapulasitiki m'thumba la m'kati mwa jekete kumakwanira. Musaliike pamoto, pa chitofu kapena padzuwa la m'galimoto yotsekedwa, ndipo dziwani kuti mipikisano ina imaletsa kufunditsa mabatire ndi zipangizo. M'thumbamo musakhale makiyi kapena ndalama zachitsulo: batire ya NiMH ikagundanitsidwa mitu imatulutsa moto wokwanira kuotcha khungu.

Lero kakuuluka, dzulo kanali bwino

Mini 4WD ilibe chiwongolero kapena rimoti. Ikangosiyidwa, liwiro lake lakhazikitsidwa kale ndi mota, magiya ndi mabatire, ndipo yotuluka m'njira yagonja. Choncho batire yamphamvu kwambiri ingakugonjetseni mofanana ndi yofooka. Voliteji imatsika mofulumira m'mphindi zoyamba batire itachoka m'tchaja. Ngati munakonza mabuleki ndi marola (timawilo ta m'mbali totsogolera kagalimoto m'njira) poyeserera ndi mabatire a 1.38 V, kenako pa mpikisano n'kuikamo a 1.47 V ongotuluka kumene, kagalimoto kafika pa chitunda ndi liwiro limene simunakakonzere.

Mankhwala ake ndi chizolowezi chimodzi chosasintha. Sankhani nthawi, monga mphindi 15 pakati pa kutchaja ndi kuthamanga, ndipo muziisunga poyeserera ndi pa mpikisano pomwe. Lembani voliteji yoyambira pamodzi ndi masekondi a ulendo uliwonse, ndiponso ngati kagalimoto kanamaliza. Posakhalitsa mudziwa kuti pa njira iyi, ndi mota iyi, malire ndi 1.40 V mwachitsanzo. Mabatire akapyola pamenepo, atsitseni pang'ono pa tchaja, onse awiri mofanana, kapena zunguzani matayala m'mwamba kwa masekondi owerengeka. Izi zimatheka pokhapokha gulu likufanana, chifukwa mabatire osiyana satsika mofanana ndipo nambala yanu sitanthauzanso kanthu.

Gulu lakhala lolemera miyendo

Mabatire amene amangowonjezeredwa moto pambuyo pa kathamangidwe kakafupi kalikonse, osatsitsidwa konse, amayamba kugwira voliteji yotsikirako ngakhale mAh ikadalipo. Ena amati batire yakumbukira. Zimachira: tsitsani iliyonse payokha mpaka 1.0 V pa moto wochepa, itchajeni, bwerezani kawiri kapena katatu. Kamodzi pa maulendo khumi aliwonse n'kokwanira. Kutsitsa mpaka pansi tsiku lililonse kumangodya moyo wa batire.

Posunga, tulutsani mabatire m'kagalimoto. Asiyeni ndi moto wapakati, osati opanda kanthu, pamalo ozizira bwino ndi ouma. Amtundu wosunga moto nthawi yaitali, monga Eneloop, angakhale miyezi yambiri osavuta, koma a NiMH wamba amadzitsitsa okha, choncho ayezeni miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, ndipo ofika pafupi ndi 1.2 V awonjezereni moto. Gulu logonera nthawi yaitali lichite maulendo awiri lisanapite ku mpikisano. Pamenepa m'pamenenso mumagwira batire yodontha moto: anzake onse ali pa 1.32 V patatha milungu iwiri, iyo ili pa 1.22 V.

Chikopa cha batire chiziyang'anidwa nthawi iliyonse mukuiika. Thupi lonse lachitsulo la batire ndi mbali ya negative, ndipo chikopa chikang'ambika pafupi ndi mutu, kachitsulo ka m'kagalimoto kangagunde mutu ndi thupi nthawi imodzi. Pong'ambika pang'ono pambali pangakutidwe ndi chikopa chatsopano chofinyika ndi kutentha, bola batire isanenepe mpaka kuthina.

Batire ichoke m'gulu la mpikisano IR yake ikafika kawiri pa imene inali nayo itangodzutsidwa, kapena mAh ikatsika pansi pa magawo 80 pa 100 alionse. Ichoke kotheratu ikatupa, ikabonyoka, kapena ikaonetsa ufa woyera kuzungulira mutu. Ufawo ndi madzi a m'batire amene atuluka n'kuuma, ndipo amadya khungu ndi chitsulo; sambani m'manja, ndipo tizitsulo ta m'kagalimoto timene takhudzidwa tipukuteni ndi kathonje konyowetsa ndi viniga, kenako ndi madzi, n'kutiumitsa bwino. Matani tepi pa mitu yonse iwiri ya batireyo ndi kuipereka kumalo olandira mabatire akale. Inzake yotsala musaiphatikize ndi yatsopano yochoka m'paketi. Iyezeninso, ndipo idikire mpaka papezeke ina ya manambala ofanana nayo.